Soya Saviikidwa Ngati Chinangwa

Kalamba koyezera pamkono kanasonyeza chikasu. Tusekile anakayang'anitsitsa, kenako anayang'ana mwana wake Lughano, amene anangokhala pamiyendo pake osalira, osasewera. Amayi ena amene anali pamzere wa sikelo pa Mlare tsikulo anayang'ana kumbali, monga amachitira anthu akafuna kuti mnzawo asachite manyazi.

Amene ankayeza anawo anali a Zione, mlangizi wa zaumoyo. Kwawo kunali ku Mchinji, ndipo Chitumbuka chawo chinali chidakali cha moni ndi cha kutsazika basi, choncho aliyense ankayankhula nawo Chichewa. Anamufotokozera Tusekile motsitsa mawu kuti kalambako kakasonyeza mtundu wobiriwira ndiye kuti mwana ali bwino, kakasonyeza chikasu ndiye kuti thupi layamba kuperewera zakudya. Kakafika pofiira, mwana angafunike kukagonekedwa kuchipatala cha ku Boma.

"Kodi akudya bwanji?" anafunsa a Zione.

"Alangizi, mwana uyu sakudya. Phala amalavula, ngakhale la likuni munatipatsa lija. Akaona supuni amaluma mano. Ine ndatopa nako kulira."

Lughano anali atangokwanitsa zaka ziwiri. Malungo anamugwira m'nyengo yokolola mpunga, ndipo ngakhale anachira, chilakolako cha chakudya sichinabwerere. Chimene ankalola ndi kachidutswa ka chinangwa chowiritsa, kogwira yekha m'manja. Ankaluma kawiri, kotsalako n'kuponyera nkhuku. Pakhomopo amene ankanenepa ndi nkhukuzo.

A Zione anafunsa zimene zinali m'nyumba. Tusekile anatchula mpunga, chinangwa, mtedza pang'ono ndi matoki, nthochi zophika zija zimene sizisowa kuseri kwa nyumba za ku Karonga. Anakumbukiranso thumba la soya. Mwamuna wake, a Lyson, analima soyayo koyamba chaka chimenecho atamva kuti akuyenda malonda, koma ogula sanafike kumudziko, ndipo thumbalo linangokhala pakona.

Nkhope ya a Zione inawala. Ananena kuti soya amamanga thupi monga ichitira nyama, ndipo popeza mwanayo ankakonda chogwira m'manja, Tusekile akakonze soyayo, asinje, aumbe timibulu ngati ta nyama yogaya, akazinge. Akadafotokoza zambiri, koma mzere unali wautali ndipo mwana wotsatira anali atayamba kale kukuwa pasikelo. Komanso kwa munthu wokulira ku Mchinji, mawu akuti "mukakonze soya" ndi omveka ngati akuti "mukatunge madzi." Sanaganize kuti pafunika kuwonjezerapo.

A Lyson atamva za kalamba kachikasu, anada nkhawa kwambiri. Sanali bambo wouma mtima. Mwana wawo ankamukonda kwambiri, kungoti chikondi chawo chinali cha patali, chija chobweretsa nzimbe pochokera kumunda n'kupatsira mayi wake kuti amusendere. Koma nkhani ya soya anaikana.

"Anyina Lughano, soya ndi chakudya cha nkhuku za chizungu. Mwana uyu akufuna nyama. Mwaiwala ku ukwati wa Yvonne ku Boma? Anadya timibulu ta nyama m'mbale mwanga mpaka ine ndinatsala ndi msuzi."

Zimenezo zinali zoona. Ku ukwati wa msuweni wawoyo, Lughano anadya mpaka kudabwitsa anthu. Kuyambira tsiku limenelo a Lyson ankakhulupirira kuti mankhwala a mwana wawo ali ku butchala. Ananena kuti ngati zinthu sizisintha, agulitsa Bulaki kuti mwana azidya nyama tsiku lililonse.

Bulaki inali imodzi mwa ng'ombe ziwiri zolimira za pakhomopo. Tusekile mtima unamupweteka, chifukwa ng'ombe imodzi siikoka pulawo, ndipo mvula inali pafupi. Kugulitsa Bulaki kunali kudyetsa mwana lero n'kumugoneka ndi njala chaka chamawa. Choncho anatsimikiza mtima kuti ayesa soyayo.

Tsono apa m'pamene panalakwika, ndipo musamuseke Tusekile, chifukwa mayi aliyense wa kuno akanachita chimodzimodzi. Iye anakula akudziwa kuti chinthu cholimba kapena chowawa chimakonzedwa ndi madzi. Chinangwa chowawa timachiviika masiku angapo mpaka chifewe, kenako timayanika n'kusinja ufa wa kondowole. Atatafuna kanjere kamodzi ka soya n'kumva kulimba ndi kukoma kwake kwachilendo, sanafunsenso munthu. Anathira soya m'ndowa, anadzazamo madzi a pamjigo, n'kuika kuseri kwa khitchini pafupi ndi mgolo wa chinangwa. Anamusiya momwemo monga amasiyira chinangwa.

Pamene ankavundukula ndowayo patapita masiku angapo, pamwamba panali thovu, ndipo fungo lake linali lothamangitsa mlendo. Tusekile anadzilimbitsa mtima kuti chinangwanso chimanunkha chikamatuluka m'madzi. Anatsuka, anasinja, anaumba. Atangoponya m'mafuta, timibuluto tinamwazikana n'kusanduka zinyenyeswa zakuda. Anatolera zimene zinkaoneka bwinoko n'kumupatsa Lughano. Mwanayo ananunkhiza, anakwinya nkhope, n'kubisa mutu m'chitenje cha mayi wake. Nkhuku zomwe zija zinajompha kamodzi n'kupukuta milomo pansi.

A Lyson sanakalipe. Anangoti, "Ndinanena ine," n'kupita kukamwetsa ng'ombe. Mawu awiriwo anamupweteka Tusekile kuposa kukalipa. Analira yekha kuseri kwa khitchini, akudziona ngati mayi wolephera, amene sangathe ngakhale kuphika zimene wauzidwa. Tsiku la sikelo litakwananso sanapite. Ankaopa kuti kalamba kaja kasonyeza kufiira pamaso pa anthu, ndipo ankaopanso funso lakuti, "Nanga soya uja?"

A Zione ataona kuti Lughano sanabwere, sanadikire mwezi wina. M'mawa mwake anakwera njinga mpaka pakhomo pa a Lyson. Anapeza Tusekile akupeta mpunga, mwana atagona pamphasa pambali pake, a Lyson ali pansi pa mtengo wa mango akukonza goli. Atalonjerana, Tusekile anafotokoza zonse akuyang'ana pansi, kuyambira ndowa mpaka nkhuku.

A Zione sanaseke. Anagwira Tusekile dzanja n'kunena kuti, "Amake Lughano, wolakwa ndine. Ndinakuuzani kuti mukakonze, osakuuzani kakonzedwe kake. Inu munachita zimene mukudziwa, ndipo pa chinangwa mumakhoza. Kungoti soya ali ndi khalidwe lake."

Kenako anatulutsa kalamba kaja n'kuyeza mwanayo. Kanali kadakali pa chikasu, koma kufiira kunali pafupi kwambiri. A Lyson, amene anali atasiya goli n'kubwera kudzaona, ananena kuti basi, mawa Bulaki akupita kwa ogula ng'ombe.

A Zione sanatsutse kuti nyama ndi yabwino. Ananena kuti nyama, usipa, mazira ndi chambiko, mkaka wosasa uja, zonse n'zofunika kwa mwana, ndipo zikapezeka azimupatsa. Koma anawafunsa a Lyson kuti ndalama za Bulaki zikatha, mwana adzadya chiyani, nanga mpunga adzalima ndi chiyani. Chakudya cha tsiku ndi tsiku, iwo anati, chiyenera kuchokera pa zimene banja lili nazo kale.

"Tandibwerekani masana ano okha, bambo. Zikakanika, sindikuletsani."

"Enya, yesani," anayankha a Lyson. "Koma ine pakamwa panga zimenezo sizidutsa." Atatero anabwerera pa goli lawo, koma anakhala moyang'ana kukhitchini.

Anayamba ndi kusankha soya wouma palichero, kuchotsa timiyala ndi njere zowola. Tusekile anafuna kuti amutsuke, koma a Zione anamuletsa. Anafotokoza kuti soya wouma akakhala m'madzi ozizira asanaphikidwe amatulutsa fungo limene anthu ambiri amadana nalo, ndipo akakhalitsamo masiku amasasa n'kuwonongeka. Madzi oyamba kukumana naye akhale owira. Choncho anateleka mphika, anadikira mpaka madzi atabwata, n'kuyamba kuthira soyayo pang'onopang'ono, dzanja limodzi limodzi, kuti madzi asaleke kuwira. Ananenanso kuti soya wosapsa bwino amavutitsa m'mimba ndipo thupi silipindula naye, choncho pa moto sipofunika kuumira nkhuni.

Patatha pafupifupi theka la ola anakhetsa madziwo n'kuthira ozizira. "Tsopano ozizira alibe vuto," anatero a Zione. Anafikisa soyayo ndi manja, makoko n'kumayandama pamwamba, iwo n'kumataya. Tusekile anawerama n'kununkhiza. Fungo lija kunalibe. M'malo mwake munkamveka kafungo kofanana ndi ka mtedza wowiritsa. Anabwezera soyayo pamoto ndi madzi ena mpaka atafewa moti njere inkaphwanyika pakati pa zala ziwiri.

Pa mtondo Tusekile sanafune mphunzitsi. Anasinja soyayo mpaka anasalala, ndipo a Zione anathiramo anyezi wodula ting'onoting'ono, nsinjiro ndi kamchere pang'ono. Koma ataumba kambulu koyamba n'kukaika m'mbale, kanang'ambika pakati. Kachiwiri kanachitanso chimodzimodzi. Tusekile anakumbukira zinyenyeswa zija.

A Zione anati pakufunika chomatira. Kunyumba kwawo ankathiramo dzira kapena ufa wa tirigu. Koma nkhuku yoikira ya pakhomopo inali ikufungatira, ndipo ufa wa tirigu unali kugolosale ya kutali. Anayang'anayang'ana m'khitchinimo osadziwa chochita.

"Alangizi," anatero Tusekile mokayika, "nanga ufa wa kondowole? Umenewu ukagwira sutaya. Alipo matoki owiritsa otsala m'mawa, nawonso akasinjidwa amamata."

A Zione anavomera kuti kondowole ankangomudya kwa anthu, sanamuphikepo, ndiye ayese aone. Tusekile anasinja matoki awiri pamodzi ndi soyayo, anawaza ufa wa kondowole wodzaza dzanja, n'kukanda. Ataumba kambulu n'kukagubuduza m'mbale, kanayenda kathunthu mpaka mbali ina. Amayi awiriwo anaseka, ndipo kanali koyamba kuti Tusekile aseke chiyambire tsiku la kalamba kachikasu.

Anaumba timibulu tating'ono tokwana m'dzanja la mwana. Anatikazinga m'mafuta ochepa, akutembenuza mpaka titafiira mbali zonse, kenako anatiika mu msuzi wa tomato kuti tibwatire pang'ono ndi kufewa. Fungo linafika pansi pa mtengo wa mango. A Lyson anakhosomola, koma sanatembenuke.

Tsopano panatsala woweruza mlandu. Tusekile anadzutsa Lughano, anamusambitsa m'manja, n'kutenga kambulu kamodzi kozizira. Mwa chizolowezi anakaphwanya pa supuni. Mwanayo atangoona supuni analuma mano n'kutembenuka. Tusekile misozi inalengeza.

"Siyani supuni," ananong'ona a Zione. "Mupatseni m'manja."

Lughano analandira kambulu kena. Anakayang'ana, anakafinya, msuzi n'kutsikira m'chigongono. Sanakaike pakamwa. Anadzuka n'kuyamba kuyenda mwa pendapenda kudutsa pabwalo. Nkhuku zinamutsatira podziwa kuti gawo lawo layandikira. Koma iye anazipitirira mpaka pansi pa mtengo wa mango, anagwira bondo la bambo wake, n'kukankhira kambuluko pamilomo pawo.

A Lyson anayang'ana mkazi wawo, anayang'ana alangizi, kenako anayang'ana kadzanja kowonda kamene kanali pakamwa pawo. Munthu amene analumbira kuti chakudya cha nkhuku sichidutsa pakamwa pake anatsegula pakamwa. Anatafuna pang'onopang'ono, mwanayo akuwayang'anitsitsa. Atameza anati, "Tabweretsani mbaleyo kuno."

Tusekile anathamanga nayo. Lughano anakwera pamiyendo pa bambo wake, anatenga kambulu, anawapatsa kuti alume, chotsalacho n'kuika pakamwa pake. Anatafuna. Anameza. Anatenganso kena. Tusekile anagwira pakamwa ndi chitenje, akulira mosatulutsa mawu kuopa kusokoneza.

A Zione anadikira mpaka mwanayo atadya tingapo, kenako anafunsa ngati nkhani yongocheza kuti ku ukwati kuja Lughano anakhala pati. A Lyson anati anakhala pamiyendo pawo, chifukwa mipando inali yochepa. Anafunsanso kuti nanga pakhomo pano amadyera kuti. Anayankha kuti kukhitchini ndi mayi wake. Iwo amadyera okha patebulo m'nyumba, monga ankachitira bambo awo.

Atangonena zimenezo, a Lyson anayang'ana mwana amene ankanyambita zala pamiyendo pawo.

"Ndiye kuti sinali nyama," anatero motsitsa.

"Mwina inalinso nyama," anayankha a Zione. "Koma mwana amene wadwala amafuna kunyengereredwa. Amadya bwino akaona munthu amene amamukonda akudya zomwezo."

Asananyamuke, a Zione anakumbutsa banjalo kuti timibuluto si mankhwala ndipo sitingakwanire patokha. Mwana azidya pafupipafupi, azipatsidwa mpunga kapena nsima yofewa, masamba monga chigwada ndi bonongwe, zipatso za m'nyengo yake, chambiko, ndi usipa ukapezeka. Phala la likuni asalisiye. Timibulu ta mwana tizikhala tofewa, ndipo wamkulu azikhala pafupi pamene akudya kuti asatsamwidwe. Akatsegula m'mimba, akatentha thupi kapena akatupa mapazi, athamange naye kuchipatala osadikira tsiku la sikelo. Tusekile anawaperekeza mpaka pamsewu, akubwereza kuti, "Yewo chomene, alangizi."

Tisaname kuti kuyambira pamenepo zonse zinayenda myaa. Masiku ena Lughano ankakana, ndipo nkhuku zinkapezabe gawo lawo. Tsiku lina Tusekile anachulukitsa ufa wa kondowole, timibulu n'kulimba moti a Lyson anati tikhoza kugwira ntchito pa legeni. Koma dzanja linazolowera. Anayamba kusinthasintha: lero soya, mawa khobwe kapena nyemba zophika bwino, nthawi zina n'kusinjiramo usipa wouma. Tebulo la m'nyumba linayamba kuchita fumbi, chifukwa a Lyson ankadyera pamphasa, mwana ali pamiyendo. Mvula itagwa, Bulaki analowa m'munda pambali pa mnzake.

Pa sikelo yotsatira Tusekile anapita ali ndi mantha. Kalamba kanasonyezabe chikasu, koma kanali katachoka pafupi ndi kufiira, ndipo sikelo inakwera. A Zione anamuuza kuti thupi la mwana silibwerera tsiku limodzi, apitirize momwemo.

Mwezi winawo amene anabweretsa Lughano anali a Lyson eni ake, atamukhazika pa njinga, Tusekile akubwera pambuyo. Pamzere wonsewo mwamuna anali iwo okha. Amayi sanawasiye. Wina anawafunsa ngati asochera, popeza kosambitsira ng'ombe n'kutsidya. Wina anati awabwereke chitenje aberekere bwino. A Lyson anangomwetulira n'kusunga malo awo.

Nthawi yawo itakwana, a Zione anakulunga kalamba pamkono pa Lughano, amene tsopano ankalimbana nawo kufuna kulanda cholembera. Anakoka pang'ono, n'kutembenuzira kalambako kwa makolowo kuti adzionere okha. Kanali pobiriwira. Tusekile anakhala pansi pomwepo ndi chimwemwe. A Lyson ananyamula mwana wawo n'kumuika paphewa, maso awo atafiira.

Tsiku lomwelo a Zione anapempha Tusekile kuti aonetse amayi anzake kapangidwe ka timibuluto, popeza pamzerepo panali ana ena awiri a chikasu. Mayi amene anathawa sikelo chifukwa cha manyazi uja anaima kutsogolo, lichero la soya lili m'manja. Anayamba ndi kufotokoza za ndowa yake ya thovu, anthu n'kuseka, iyenso n'kuseka nawo. Kenako anati:

"Anzanga, soya saviikidwa ngati chinangwa. Muponyeni m'madzi owira, mumuphike mpaka afewe. Chomatira tili nacho kale, matoki ndi kondowole. Ndipo ngati simunamve bwino zimene alangizi anena, funsaninso. Ine ndinachita manyazi kufunsa, ndipo mwana wanga anatsala pang'ono kukagona ku Boma."

Phunziro la banja la a Lyson ndi la tonsefe. Chakudya chomanga thupi la mwana sichili ku butchala kokha. Soya, nyemba, khobwe ndi mtedza zimene timalima tokha zingathe kukhala ndiwo zokoma ngati tazikonza moyenera. Mwana akayamba kuwonda tisabisale naye kunyumba, tipite naye kusikelo mwezi uliwonse, ndipo chimene sitinamvetse tifunse. Kudyetsa mwana si ntchito ya mayi yekha. Bambo, khalani pamphasa, muikeni mwana pamiyendo, ndipo kambulu koyamba mulume ndinu.